Chipsera Chimene Moven Anakhoma Yekha

Moven sanaimepo mbali imodzi pa chinthu chilichonse. Nthawi yomenyera ufulu, anyamata a zipani ziwiri akuthamangitsana ndi miyala m'makomboni a Lusaka, iye ankayenda ndi makadi a zipani zonse ziwiri, lina m'thumba la kumanja, lina la kumanzere, ndipo asanapise dzanja ankayamba wayang'ana kaye malaya a womufunsayo. Lamulungu ankaimba besi m'kwaya, koma m'chiuno munali kachithumwa kochokera kwawo kwa Mpezeni. Zimenezi iye ankazitcha nzeru. Anthu a ku Kalingalinga anali ndi dzina lina la khalidwe lotere, kungoti sankalitchula iye ali pomwepo, chifukwa ndowa zawo zikabooka ankapita nazo kwa iye yemweyo.

Ntchito yake inali yokhoma malata. Kuchokera ku zidebe zakale ankatulutsa mbaula, ndowa ndi mabeseni, ndipo apa pokha palibe angamunyoze, manja anali nawo. Chigamba chimene Moven waika, mwini ndowa ankachita kuchifufuza ndi chala.

Mkazi wake Mainess anayamba wamuberekera mwana wamkazi, Felistus. Kwa zaka zingapo anthu ankamuitana kuti Batate bake Felistus, monga mmene ulemu umafunira, iye n'kumayankha ngati amudzutsa kutulo. Tsiku limene Petros anabadwa, Moven anasiya hamala pansi n'kuzungulira komboni yonse kukonza pakamwa pa anthu. Kuyambira lero ndine Batate bake Petros, anatero kunyumba ndi nyumba. Mngoni, ankati, amatchedwa ndi mwana amene adzanyamule dzina la makolo, osati wodzapita kukabereka kwa eni ake. Felistus anali wamkulu ndithu moti ankamva zonsezi.

Chaka chotsatira ufulu, nyengo yotentha, nthomba inalowa mu Kalingalinga. Inayambira kunyumba za kufupi ndi maenje okumba miyala, kenako inayamba kudumpha mipanda. Maliro a ana anachuluka, ndipo amene apulumuka ankatuluka m'nyumba nkhope zitadyeka. Boma latsopano linatumiza galimoto yolengeza kuti kukubwera katemera, mwana aliyense apite naye, ndipo anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kunena zomwezo ndi mawu osapempha.

Madzulo a tsiku lomwelo pamalo pa Moven panafika Ba Nkole, mnansi wake, amene ankaphikira banja lina la azungu ku Kabulonga. Anakhala pa chidebe, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wanyamula chinsinsi cha boma.

"Batate bake Petros, ine nimamvela vonse pa tebulo," anatero Ba Nkole. "Uyu katemela wa manje si uja wakudala iyayi. Ni wanyowani, bazungu basiya dala popita. Mwana mwamuna azakula bwino, azakwatila, koma kubala kulibe. Nyumba zii."

Chizungu cha Ba Nkole chinkathera pa mayina a ndiwo ndi kuvomera, koma Moven sanafunse kuti nkhani yaikulu chonchi anaimva bwanji akupereka supu. Anangofunsa kuti munthu angatani, poti anyamata a chipani sangakusiye.

"Ni easy," anayankha Ba Nkole. "Bakamutema, mufike naye pa nyumba fast, mupukute na ndimu. Mankwala yafa pamene apo."

Moven anakhoma mbaula tsiku lonse lotsatira mutu uli kwina. Akakana katemera, nthomba ikhoza kumutengera Petros. Akavomera, Petros akhoza kukula wosabereka, dzina n'kuthera pomwepo. Munthu wina akanafunsa kwa odziwa, kapena akanasankha chimodzi n'kuchifera. Koma Moven anakumbukira kuti ali ndi ana awiri, ndipo anamwetulira monga ankamwetulira pogula khadi lachiwiri lija. Katemera wa Felistus agwire. Ngati ndi woipa, adzalira ndi amene adzamukwatire. Wa Petros apukutidwe, ndipo zikadzaoneka kuti mtsikanayo ali bwinobwino, mnyamata adzatemeredwa pambuyo pake. Sanaime n'komwe kuganiza kuti Felistus adzafika pobereka patapita zaka zambiri, pamene nthomba inali itafika kale kuseri kwa chimbudzi chake.

Tsiku la katemera anavala jekete. Anaima kutsogolo kwa mzere pansi pa mtengo wa pamsika, mwana kudzanja ili, mwana kudzanja ilo, akuuza amayi amene ankazengereza kuti boma lathu ili silingaphe ana ake. Mayi wotemera anakanda mkono wa Felistus, nakandanso wa Petros. Moven anathokoza mokweza kuti a chipani amve, kenako anakokera ana kunyumba ngati mvula yayamba.

Kuseri kwa nyumba anadula ndimu pakati, n'kuyamba kutikita pabala la Petros mpaka mwanayo analira. Felistus anaima pambali akuonerera. Kenako anakwinya dzanja la diresi lake n'kupereka mkono.

"Batate, na ine."

"Iwe ndiwe mukulu, siufunika," anatero Moven osamuyang'ana.

Mainess anali ataima pakona ya nyumba ndi beseni m'manja. Sanali mkazi wolongolola, koma tsiku limenelo anayankhula.

"Batate bake Petros, ngati ni poizoni, nanga uyu mwamusiila chani? Ngati ni mankwala, nanga uyo mwamuchosela chani?"

"Ndiye nzelu yake iyo," anatero Moven. "Imwe muona chabe side imozi. Ine niona zonse zibili."

Patapita masiku, mkono wa Felistus unatupa, panatuluka thuza, thupi linatentha, ndipo anagona osadya. Umu ndi mmene katemera wa nthomba ankagwirira, ndipo mayi wotemera uja anali atanena kale. Koma Moven ankalowa m'nyumba, kuyang'ana mwana akubuula pamphasa, n'kutembenukira kwa mkazi wake ndi nkhope ya munthu amene maloto ake akwaniritsidwa. Panja Petros ankathamangitsa gudumu la njinga, mkono uli see.

Kenako kunamveka kuti otemera abweranso kudzaona mikono, ndipo mwana amene katemera sanamugwire adzamutemanso. Apa ndiye panali pothawira pa Petros. Mwayi unabwerera wokha kudzagogoda pakhomo, ndipo chimene bambo ake anafunika kuchita n'kungokhala pansi osachita kanthu. Koma manja aluso sakhala chete. Moven anayang'anitsitsa bala la Felistus, kukula kwake ndi malo ake, monga ankayezera chigamba. Anatuma Mainess kuchitsime. Anasankha msomali wa mutu woyenera, anauika pa makala mpaka unafiira, anapatsa Petros switi, anamupana pakati pa mawondo, n'kudinda.

Mainess anamva kukuwako ali kuchitsime, ndipo pofika anapeza zatha. Analira, anatukwana, anati apita kukanena. Moven anamufunsa ngati akufuna kuti mwamuna wake akamangidwe, ana adye malata. Nkhani inathera pomwepo.

Pamene otemera ankafika pakhomo, bala la moto lija linali litachita nkhanambo yokongola. Mayi yemwe uja anagwira mkono wa Petros, anauyang'ana mothamanga, poti anali ndi nyumba zambiri zomudikira.

"Uyu anagwila bwino," anatero.

Mainess anali pakhomo, milomo itatseguka pang'ono. Moven anamuyang'ana, ndipo milomoyo inatsekeka. Otemera atapita, Moven anayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo. Anali atapusitsa boma, komanso ntchito ya manja ake inali itayamikiridwa ndi munthu wa chipatala. Sizikudziwika kuti chinamukomera kwambiri n'chiti.

Mvula isanagwe, Petros anayamba kudandaula mutu ndi msana. Thupi linatentha, kenako zinatuluka, kumaso, m'manja, kumapazi, mpaka m'kamwa. Anamutengera kumsasa wa odwala nthomba kunja kwa tauni, ndipo Mainess anapita naye. Felistus, amene ankagona naye mphasa imodzi ndi kumwera kapu imodzi, sanamve ngakhale mutu. Mwana amene anaperekedwa kuti ayesere poizoni ndi amene anatsala akuphikira bambo ake.

Petros sanafe. Anabwerako nkhope itabooka ngati mbaula, maso onse awiri atayera. Atafika pakhomo anatambasula manja kufufuza chitseko cha nyumba imene anabadwiramo, ndipo Felistus ndi amene anamugwira dzanja.

Moven anapita kwa Ba Nkole mtima ukuwira. Anapeza ana onse a Ba Nkole akusewera, aliyense ndi chipsera chenicheni pamkono, chifukwa dona wa ku Kabulonga anati wophika wa ana osatemera asalowe m'khitchini mwake.

"Ine ninakamba chabe vamene ninamvela," anatero Ba Nkole. "Mwana ni wanu."

Munthu wamanyazi akanakhala chete moyo wake wonse. Moven anapeza ntchito ina ya chipsera chija. Aliyense wobwera kudzapepesa ankamuitanira Petros, kukwinya malaya ake, n'kuloza.

"Onani. Mwana anatemeledwa, chizindikilo ichi. Manje katemela anamutandiza chani?"

Anthu ankayang'ana, n'kupukusa mitu, ena n'kupita kukabisa ana awo. Akabwera a chipani nkhani inkasintha, ankati katemera wa boma ndi wabwino kwambiri, kungoti mwanayu anamulodza anzake okhoma malata chifukwa cha nsanje. Bodza limodzi analigawanso pawiri, lina m'thumba ili, lina m'thumba ilo. Ananena kwa zaka zambiri mpaka mwina iye mwini anayamba kukhulupirira. Mainess anamwalira osatsutsa pagulu, koma kuyambira chaka cha nthomba sanalolenso ndimu kulowa m'nyumba mwake.

Zaka zinapita. Dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo thumba lakumanzere la Moven linasowa chosunga. Nthomba inatha. Felistus anakwatiwa ku Mtendere n'kubereka ana motsatizana, onse onenepa, onse otchedwa dzina la mwamuna wake. Petros anakula pambali pa bambo ake, akuwongola malata ndi hamala yamtengo, ntchito imene zala zimatha popanda maso. Sanakwatire. Anali munthu wosayankhula, ndipo Moven ankaganiza kuti mwana amene anali wamng'ono chonchija sangakumbuke kanthu.

Tsiku lina masana, chikuku chitavuta m'komboni, panafika mayi wachitsikana ndi mwana kumbuyo, kudzatenga ndowa yake. Panali anthu ena angapo odikira zawo, ndipo Felistus analiponso, atabweretsera mlongo wake chakudya. Mayiyo anati akupita kukiliniki kukabayitsa mwana katemera wa chikuku, koma apongozi ake akumuletsa, ndiye sakudziwa kuti amvere ndani. Moven, imvi zili mbuu, anatsokomola mokonzekera. Anagwira mkono wa Petros n'kukwinya malaya monga mwa masiku onse.

"Mwana wanga, ona apa. Uyu anatemeledwa."

Petros sanachotse mkono. Anatembenuzira nkhope yake kumene kunkachokera mawu a mayiyo, n'kuyankhula mofatsa ngati akunena mtengo wa ndowa.

"Mayi, uyo unali musomali. Banauika pa malasha, banipasa switi, banigwila na makokola. Katemela banapukuta na ndimu. Ninaona na menso yanga, ntawi ija ninali nayo. Yendani ku kiliniki."

Mayiyo anayang'ana chipsera, anayang'ana mdala, anamangitsa nsalu ya mwana n'kunyamuka, ndowa osaitenga. Moven anatsegula pakamwa kufuna mbali ina ya nkhaniyo, ija ankaipeza nthawi zonse. Bambo wina amene ankadikira mbaula anayesa kuziziritsa zinthu.

"Batate bake Petros, mwina..."

"Musabaitane na zina yanga," anatero Petros. "Baigwilisa nchito, yakwana."

Bamboyo anatembenukira kwa Felistus.

"Kansi Batate bake Felistus..."

"Iyo zina banaikana kalekale," anatero Felistus. Anatola mbale zake, anaimitsa mlongo wake, ndipo Petros anamugwira mkono chakumtunda, pamene panali chipsera chenicheni chija. Anapita naye ku Mtendere tsiku lomwelo, ndipo sanabwererenso kudzawongola malata.

Moven anakhala zaka zina ndithu akukhoma mbaula pamalo pomwepo. Anthu sanasiye kumubweretsera ndowa, poti chigamba chake chinali chikadali chabwino. Koma dzina loti amuitanire linasowa. Akuluakulu anayamba kungoti Moven, monga amaitanira mnyamata amene sanabereke, ndipo ana a m'komboni anatengera pomwepo. Ankati akamva, ankayamba wayang'ana kumbuyo ngati akuitana wina, kenako n'kuyankha.