Chitseko Chodikira Nyumba

Bambo aja anthu ankangowatcha a Chitseko. Kale anali kalipentala, maso asanayambe kuchita nkhungu, nyumba yawo ya lendi isanagwetsedwe kuti padutse msewu. Atatopa n'kugona m'makhonde a masitolo, anawalandira m'shedi yakale ya simenti, momwe a khonsolo analola kuti osowa pogona azifikiramo podikira nyumba yeniyeni.

Koma chilolezocho chinali ndi minga. Pa mapu a khonsolo dera limenelo analipaka utoto wotuwa, eti n'la mafakitale. Kokhala anthu n'kwachikasu. Ndiye lamulo linati: gonani, koma miyezi isanu ndi umodzi basi, ndipo zipinda zikhale za makatani. Mukangokhoma chitseko ndiye kuti shedi yasanduka nyumba, tidzaitseka, nonse makumi atatu mubwerere pakhonde.

Nanga bambo aja osapanga chitseko! Matabwa ankatola kuseri kwa fakitale ya mabokosi, n'kumapala pang'onopang'ono. Pochikhoma panalibe, ndiye ankagonapo, matiresi pamwamba. Masana, dzuwa likamadontha m'mabowo a malata, fumbi likuyandama ngati lasowa kotera, ankachiyedzeka kukhoma n'kukhala phee. Ankati kuseri kwake amamva malemu akazi awo akutsuka mbale, wailesi ikulira chapansipansi. Nthawi zina ankagogoda pachitsekocho.

"Akuyankhani, achimwene?" ankafunsa mayi woyang'anira shediyo.

"Akuti ndiyambe ndapukuta mapazi."

Tsiku lina kunatulukira bambo wa ku khonsolo, mapu ali kukhwapa. Anachipeza chitseko chili chilili. Mayi aja anathamangira pomwepo.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Chitseko, bwana. Inunso maso akuvuta?"

"Lamulo simukulidziwa?"

"Ndikulidziwa. Mahinjesi ndi awa, ali m'thumba. Sichinakhomedwe ichi. Nacho chikudikira nyumba ngati ine."

Wa ku khonsolo anachisisita ndi chikhatho. Chinali see, ngati tsaya la khanda. Anatchera khutu, ngati nayenso akumva mbale zija.

"Mwatsala ndi masiku angati muno?"

"Khumi ndi awiri. Akatha, ine ndi chitseko changa pakhonde."

Bamboyo anatambasula mapu pansi, n'kuloza pachikasu. Kumeneko, kuseri kwa sukulu, kunali mdadada wa zipinda za khonsolo. Chimodzi chinali chitakhala chaka chopanda munthu, chifukwa akuba anazula chitseko. Ndipo lamulo lakumeneko limati chipinda chopanda chitseko si nyumba, sangachipereke kwa munthu.

"Malamulo anuwa anabadwa kwa mayi mmodzi koma?" anatero mayi aja.

Wa ku khonsolo anangokanda m'mutu. "Mawa mubwere ku ofesi, madala, tikalembe."

Anasamuka pa wilibala, chitseko pansi, matiresi pamwamba, mayi aja akuthandiza kukankha. Atafika, chitseko chinakula ndi zala ziwiri. Anachipala osafulumira, mipalo ikugwa yopotanapotana ngati tsitsi, mpaka chinalowa. Anakhoma mahinjesi. Chinatseka osalira n'komwe.

Mayi aja ati atsanzike, a Chitseko anawagwira dzanja.

"Imani kaye panja, achemwali. Mugogode."

Analowa, n'kutseka. Mayi aja anagogoda. Zii. Anagogodanso.

M'katimo bambo aja anali atakhala pamatiresi, maso ali tsinzinu, akumvetsera kugogodako ngati mvula yoyamba. Anadikira mpaka kachitatu.

Kenako, ndi mawu a mwini nyumba, anafunsa: "Ndani?"