Mayi Arlene Aphunzira Kudula Foni

Ku Duluth, mzinda wa kudziko lozizira kwambiri, kulibe amene amatsanzika kamodzi n'kunyamuka. Munthu amamenya bondo n'kuti "basi ndizipita", kenako amachezanso pakhomo atavala jekete, n'kukamalizira pawindo la galimoto injini ikulira. Koma ngakhale pakati pa anthu otere, mayi Arlene Sundqvist anali katakwe.

Moyo wawo wonse anagulitsa buledi pa bekale ina ya kufupi ndi doko, ndipo wobwera kudzagula mabanzi ankatuluka ataulula mavuto a banja lake lonse. Bekaleyo itatsekedwa, anakalembetsa kukoleji kuti aphunzire ntchito ya mu ofesi, imvi zili mbuu. Kutaipa anakugwira msanga. Chinawakanika ndi foni.

"Mayi Arlene, munthu wangofunsa kuti ofesi mutseka nthawi yanji," ankadandaula mphunzitsi wawo, a Pahoua Vang, amene anali wa msinkhu wa mwana wawo. "Za galu wake mwafikako bwanji?"

"Nanga galuyo amauwa ine ndikumva, ndisafunse?"

Mayeso a zimenezi anali atalephera kale, ndipo mwayi unatsala umodzi. Akalepheranso, sakawatumiza kukayeserera ntchito, ndiye pa msinkhu wawowo adzawalembe ndani? Mantha anali nawo ndithu. Anayeserera kunyumba ndi kawotchi koyezera nthawi pophika mazira mpaka amuna awo anayamba kuopa kuwapatsa moni.

Tsiku la mayeso anawakhazika padesiki, makalata oti atumize ali mulu, nthawi ikuthamanga. Foni inalira. Anali a Vang ali m'chipinda china, akuyankhula ngati gogo wofuna kusintha tsiku lokaonana ndi dokotala. Gogoyo anayamba kutambasula nkhani: anaterereka pa chipale chofewa chimene chimagwa nyengo yozizira, chiuno chinathyoka, ana ali kutali, pakhomo palibe wochotsa chipalecho ndi fosholo.

Lilime la mayi Arlene linayabwa koopsa. Analuma mlomo.

"Pepani kwambiri, agogo. Ndakuikani Lachinayi m'mawa. Zikomo poimba."

Anadula. Makalata onse anapita nthawi isanathe, ndipo anakhoza.

Anzawo atabalalika, a Vang anawapeza ataima pakhomo, jekete atavala, koma osasuntha.

"Mwakhoza, mayi. Bwanji nkhope ngati mwaponda mwana wa nkhuku?"

"Agogo aja. Chipale chija akuwachotsera ndani?"

A Vang anaseka. "Kulibe gogo, mayi Arlene. Ndinali ine."

"Ndikudziwa kuti munali inu. Koma ine ndamva anthu akudandaula pa kauntala zaka zambirimbiri. Za dokotala zija munapeka. Za chiuno simunapeke."

Kuseka kuja kunazilala. A Vang anayang'ana wotchi ya pakhoma, imene anaphunzitsa kalasi yonse kuiopa, kenako anakoka mpando n'kukhala.

"Ndi mayi anga," anatero motsitsa mawu. "Ali okha kutali, ku Wausau. Dzulo anaimba, ine ndinawauza kuti ndatanganidwa."

Mayi Arlene anavula jekete.