Ng'ombe ya Zala Zitatu

Amuna anga anataya zala zitatu za dzanja lamanja m'makina odula masamba a tiyi, kufakitale ya esiteti yomwe tonse tinkagwirako ntchito. Inali nyengo ya mvula, tiyi ataphuka bwino, nthawi imene ife othyola timapezako kangachepe. Ine ndinasiya dengu langa n'kukawadikirira kuchipatala. Titabwerera kunyumba ndinawasambitsa, kuwaveka ndi kuwameta ndevu miyezi inayi yathunthu. Sindikudandaula ayi, ndikungofuna zidziwike.

Chipukuta misozi chinatuluka patatha zaka ziwiri. Mlungu usanathe, alamu anga, achemwali awo aakulu a bambowa, anatulukira kuchokera ku Thekerani atatsagana ndi amalume awo. Anthu oti kuchipatala kuja sanabwere ngakhale ndi nthochi imodzi!

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo nyumba yathu ili pamalo a mayi anga. Alamuwo anayambira pomwepo.

"Achimwene, zala zimenezo munabadwa nazo kwathu, si zapachikamwini pano ayi. Kompenseshoniyo kamangireni kumudzi. Mawa akakuthamangitsani, mudzanyamula chiyani?"

Ndinapsa mtima mpaka chakudya chinandikanika. Kutacha ndinapita kwa kalaliki wa kuofesi ya esiteti kukafunsa ngati mkazi ali ndi gawo pa ndalama zoterezi.

"Mayi, wovulala ndi iwowo, ndalamanso ndi zawo," anatero kalalikiyo. "Mwina banja litatha, akhoti ndiwo angaone za gawo lanu."

"Ndiye ndithetse banja kuti ndilione gawolo?"

Iye anaseka, ine sindinaseke. Ndinabwerera kudutsa m'minda ya tiyi misozi ili m'maso. Ndalamazo ndinkazifuna, sindinama, pakuti ana anali kusukulu. Koma chinandiwawa kwambiri n'chakuti patatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za banja, ndinali kuyesedwa mlendo pa thupi la mwamuna wanga.

Bambowa ndi munthu wosayankhulayankhula, moti nthawi zina amanditopetsa nako kukhala chete kwawoko. Masiku atatu ankangotenga njinga m'mawa osanena kopita, alendo ali phee kudikira yankho, ine ndikuwaphikira mokwiya. Tsiku lachinayi pakhomo panaima kagalimoto kochokera kwa Goliati, dera la alimi a ng'ombe zamkaka. Kumbuyo kwake kunali ng'ombe yamawanga akuda ndi oyera, ili ndi bere.

"Ndalama zija ndi izi," anatero amuna anga. "Ndi yanga, monga mwanenera achemwali. Koma ikhala kwa amene aziikama. Mwana wake woyamba adzapita kwa amayi kumudzi."

Alamu anaiyang'ana ng'ombeyo, kenako anandiyang'ana ine. Kwawoko ogula mkaka ali kutali, ndipo iwo ankadziwa. Amalume anatsokomola n'kunena kuti ng'ombeyo ndi yooneka bwino. M'mawa mwake anatsanzika, ine ndinawamangira mapeyala mosangalala.

Chimene alamu sankadziwa n'chakuti inenso kukama sindinkakudziwa. Anandiphunzitsa mayi wina woyandikana nafe, ng'ombe itabereka, ndipo mlungu woyamba inandiponda kawiri n'kutaya mkaka wonse. Lero ndimaikama ndikucheza. Kuthyola tiyi ndinasiya. Bambowa amamweta nsenjere ndi dzanja lamanzere n'kuitutira kukhola, ine ndimakama n'kukapereka mkaka kogulitsira. Ana sabwezedwanso kusukulu, ndipo alamu tsopano timapatsana moni wabwinobwino.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, chiperoni chitakuta phiri, zala zanga zitauma ndi kuzizira, ndinawakalipira tili m'khola.

"Inunso abambo, munthu wa zala ziwiri kukagula ng'ombe yamkaka, munkaganiza chiyani? Bwanji simunagule njinga yamoto ngati anzanu?"

Anapitiriza kuthira udzu modyeramo, osandiyang'ana.

"Njinga yamoto ndikanaithamangitsa ndekha," anatero. "Ine ndinkafuna chinthu choti sichingatheke popanda inu."

Ndinangowerama n'kupitiriza kukama.