Ndinayanika mphale potera kandege

Ndine mayi wa ana asanu, ndimalima kachewere ndi kabichi kumapiri a ku Kasina, ndipo ndivomere poyamba pomwe kuti ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga wachisamba chifukwa cha mphale. Inu owerenga, musafulumire kuseka. Nanenso ndikanamva kwa wina ndikanaseka.

Unali mwezi wa Juni. Mwana wangayo, Sitela, anali ndi pakati poyamba, ndipo masiku atayandikira tinapita kuchidikiro pachipatala china chaching'ono cha kwathu kuno, ine ngati gadiyani wake. Ndinanyamula mphale yoviika kale kuti ndikaiyanike komweko, ndigayitse, mwanayo akachira adzamwe phala la ufa woyera. Koma amene mumaidziwa Dedza mukumudziwanso Juni wake. Nkhungu imatsika m'phiri m'mawa n'kukhala mpaka masana ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Mphale yanga inayamba kumveka kafungo ka chuku, mtima wanga n'kumawawa.

Kuseri kwa chipatalacho kuli malo amene anawaka simenti yosalala bwino, pakati atajambulapo mzere wozungulira. Pamenepo ndi potera kandege kopanda munthu kamene kamabweretsa mankhwala kuchokera kuchipatala chachikulu. Achinyamata amati dironi, ife agadiyani tinkangoti tombolombo. Tsiku lomwe tinafika, anamwino anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti pamalopo pasaikidwe kanthu, ngakhale chitenje, ndiponso tisatayire zotsala za chakudya pafupi chifukwa zimaitana akhwangwala. Anati woyendetsa kandegeko amakhala kutali, amaona ndi kamera, ndipo lamulo lawo ndi lakuti akaona chinthu pansi kapena mbalame zochuluka, sakateretsa. Ndinavomera ndi mutu pamodzi ndi anzanga, koma mumtima ndinkati awa ndi malamulo a anthu ophunzira amene sanayanikepo mphale chibadwire.

Sabata yathunthu kandegeko sikanabwere. Simenti ija inkangootha dzuwa yokha, ine ndikuiyang'ana cham'mbali. Lachinayi kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Sitela matenda anali atamuyamba m'mamawa ndipo anali atamulowetsa kale. Ndinati ndiyanike ola limodzi lokha, palibe aone. Ndinayala mphasa pasimenti paja, ndinamwaza mphale yanga, n'kubwerera pakhomo la chipinda chochirira, kolona ili m'manja.

Dzuwa lisanafike pamutu, khanda linalira. Linali lalikazi. Nthungululu idakali pakamwa, ndinaona anamwino akutuluka mothamanga, foni ili kukhutu. Sitela ankataya magazi osaleka, ndipo jakisoni woletsa magazi anali atatha dzulo lake, pakuti amayi atatu anachira motsatizana. Ambulansi inali kutali ndi wodwala wina. Anamwino anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mayi, limbani mtima. Mankhwala anyamuka kale, kandege kafika posachedwapa."

Ndikuuzeni zoona, za mphale zinali zitandichoka m'mutu.

Patapita nthawi ndinamva tombolombo akulira pamwamba pa denga, ndipo ndinathokoza Mulungu. Koma kulirako sikunatsike. Kankangozungulira. Kenako ndinamva mawu a anamwino kuseri akufunsa kuti mphale ili apayi ndi ya ndani. Apa ndiye pali chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Sindinayankhe. Ndinaima duu, ndikuyembekeza kuti wina aichotsa mwini wake asanadziwike. Mwina inali mphindi imodzi, mwina ziwiri, mwana wanga akutha magazi kuseri kwa chitseko.

Kenako ndinathamangira komweko n'kupeza akhwangwala ndi nkhunda zili piringupiringu pamphasa. Ndinakoka mphasayo mwaphuma, mphale n'kumwazika pasimenti ponse, mbalame n'kudzambatukira m'mwamba momwemo mmene kandege kanayenera kutsikira. Kanazunguliranso kamodzi, kenako kanatembenuka n'kulowera kumene kanachokera, chifukwa moto wa batire unali utachepa. Ndinakayang'ana mpaka kanabisika kuseri kwa phiri, mankhwala a Sitela ali m'mimba mwake.

Ndinagwada pasimenti pomwepo ndikulira kuti mphaleyo ndi yanga. Anamwino sananditukwane, ngakhale ndinkayenera. Anangoti, "Kakasintha batire kabweranso. Kadzapeze pano palibe ngakhale njere imodzi." Atatero anabwerera kwa Sitela kukamupsinja pamimba ndi manja kuti magazi achepe.

Agadiyani anzanga anatuluka ndi masache, ngakhale amayi aja amene tinkakangana nawo tsiku ndi tsiku chifukwa cha nkhuni. Tinasesa, tinatola njere ndi zala m'ming'alu ya simenti, ena akupirikitsa akhwangwala ndi zitenje mpaka kumabulugamu. Palibe amene anandiloza chala. Kandege katabweranso tinaima patali monga anatiuzira anamwino, ndipo kanatsika mowongoka n'kutera pakati penipeni pa mzere.

Magazi analeka. Madzulo ambulansi inamutengera Sitela kuchipatala chachikulu kukamuwonjezera magazi ena, ndipo patatha masiku anayi tinabwerera kumudzi tili atatu.

Nkhaniyi ndinamuuza Sitela ndekha patatha mwezi, asanaimve ikuchokera kuchitsime. Anandimvetsera akuyamwitsa, ine ndikuyang'ana pansi. Kenako anati, "Amayi, ndiye kuti phala langa lija anamwa ndi akhwangwala?" Iye ankaseka, ine misozi ili mbwembwembwe.

Sindinafune kuti zithere pamisozi. Vuto la Juni silinathe, ndipo gadiyani aliyense wobwera ndi mphale adzaiyang'ana simenti ija monga ndinkaiyang'anira ine. Choncho ndinapempha abambo a mumphakati wathu wa kutchalitchi, ndipo anakamanga mathandala awiri kuseri kwa khitchini ya agadiyani, kutali ndi potera, pamalo poomba dzuwa bwino. Ndikatsikira kuchipatalako ndi mdzukulu wanga kusikelo, anamwino amandiitana kuti ndilankhule ndi agadiyani atsopano, ndipo ndimawauza zonse, ndi za kukhala chete kuja komwe.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, lamulo limene simukulimvetsa funsani chifukwa chake, musalinyoze mumtima monga ndinachitira ine. Mukalakwa nenani msanga, manyazi amatha koma magazi sadikira. Ndipo mukadzaona simenti yoyera bwino kuseri kwa chipatala, dzuwa likuomba, popanda kanthu, musadzati pakungokhala. Pamenepo pakudikira mwana wa munthu wina, ndipo tsiku lina anali wanga.