Mpweya wa Bambo ndi Makina a Alendo

Bambo anga akhala akuwamba nsomba ku Bua kuyambira ndisanabadwe. Chaka chatha chifuwa chawo chinasintha. Ankatsokomola mpaka kugwira khoma, ndipo kuchipatala atayeza makhololo anati si TB.

Kenako tinamva kuti kukubwera alendo ndi makina oyeza khansa ya m'mapapo. Ankati munthu amangouzira m'kathumba, tinthu tating'ono kuposa fumbi n'kununkhiza mpweyawo, ndiye kompyuta imene inaphunzitsidwa ndi mpweya wa odwala ambiri imanena ngati matendawa alipo. Ndine amene ndinawachonderera bambo kuti tipite.

Kwathu munthu sapita kwa alendo akununkha utsi. Bambo anasamba, anavala mkanjo, nadzola mafuta onunkhira amene amadzola Lachisanu popita kumzikiti. Ine ndinawapatsa karafuu, tizipatso touma tonunkhira, kuti azitafuna panjira, kuopa kuti angauzire madokotala fungo la usipa. Ndinkaona ngati ndachita ulemu.

Titafika kumene kunali alendowo, tinadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika paliwombo. Woyezayo anali mnyamata wa m'tauni wa nsapato zoyera, maso ali pafoni.

"Uzirani apa, madala."

Bambo anaphimba pakamwa ndi dzanja n'kuuzira chakumbali, monga amachitira munthu wolemekeza mnzake.

"Si tiyi ameneyu, madala. Mwamphamvu!"

Anauzira. Makina analira n'kuyatsa kanyali kofiira. Mnyamatayo ananunkhiza m'mwamba, naseka.

"Kodi mwabwera kudzayezetsa kapena kudzafunsira mbeta? Perefyumu yonseyi! Makinatu asokonezeka. Simunawerenge?"

Analoza pepala la Chingerezi limene anali atalimata pakhoma m'mawa womwewo, loletsa kudya kapena kudzola chilichonse. Anthu a pamzere anaseka, ena mwa iwo atadzola kuposa ife.

Ndinafunsa, manja ali kumbuyo, ngati tingabwerenso mawa. Anayankha kuti mawa adzakhala ali m'boma lina. Anawonjezera kuti ngakhale tikanabwera osadzola, kompyuta yawo sinaphunzirebe mpweya wa anthu owamba nsomba, utsi umaipusitsa. Ananena zimenezi mopanda manyazi, ali pakati pa midzi imene khomo lililonse limafuka utsi wa nsomba. Mphaka wapadoko amadziwa nsomba yovunda mu utsi womwewo, ndipo safuna galimoto ya matayala akuluakulu kuti imunyamule. Ndinaganiza zimenezo, koma pakamwa panga panatuluka "zikomo kwambiri, bwana". Ndinagwadanso pang'ono.

Panjira ndinawauza bambo kuti tipite kuchipatala chachikulu akawajambule pachifuwa. Anaima kuti apume, atagwira mtengo wa mango.

"Mwana wanga, kusekedwa kamodzi kwakwana."

Ndawapempha kangapo chichokereni tsiku limenelo, amalume nawonso ayesa, koma sanapondenso pachipatala. Malaya awo onse tsopano akuwakulira, ndipo chimene chikuwadya sitikuchidziwa dzina.