Kochi Wathu ndi Beseni la Achemwali

Alamu anga ndi wometa. Kometera kwawo n'kochepa, mpando umodzi wopendama ndi galasi long'aluka pakona, koma mukalowamo muwatchule kuti "Kochi," apo ayi akumetani mokhota. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankaphunzitsa timu ya mpira ya m'dera lathu, ndipo kunena zoona, timuyo inkawina mpaka anthu kugwira pakamwa.

Chimene anthu sankadziwa n'choti nzeru zonse zinkachokera kuseri kwa nyumba. Mkazi wawo, achemwali anga, ndiwo ankachapa majezi Lolemba lililonse. Asanaviike jezi m'beseni ankayamba aitembenuza, kuinunkhiza, kenako n'kuyang'ana kabudula wake.

"Nambala 8 uyu sanathamange, jezi yake ikungokhala ngati yakusitolo," ankatero. "Nambala 4 matope ali mbali imodzi yokha. Mwendo wakumanzere ukumupweteka, koma akubisa."

Alamu ankangozungulira pomwepo ngati sakumva. Loweruka lotsatira nambala 8 uja ali pabenchi, iwo n'kumauza anthu kuti, "Diso la kochi limaona patali." Diso lake liti, alamu inu!

Tsiku lina kunabwera amuna awiri a masuti ochokera ku timu yaikulu ya mumzinda wina, ya basi yakeyake ndi bwalo la kapinga. Ankafuna kochi. Sabata yonse kometera kuja kunali mtsutso wokhawokha. Telala woyandikana nawo ankati apite, munthu sakalambira pabwalo lafumbi. Bambo ake a goloboyi ankapukusa mutu: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Alamu ankangomwetulira, lumo lili m'manja, kukoma kukanganiridwa.

Achemwali anafunsa funso limodzi lokha.

"Majezi kumeneko amachapa ndani?"

"Makina, mayi a ana. Kumeneko n'kwa anthu otsogola."

"Chabwino, pitani. Ine ana ali pasukulu, sindisuntha."

Ine mtima unandipweteka, sindinama. Ndinkafuna alamu anene kamodzi kokha kuti manja osuwuka ndi sopo aja ndiwo awafikitsa pamenepa. Iwo anangopukuta nsapato n'kukakwera basi.

Masewera anayi oyamba, kuluza konse. Mabwana a timu anawauza kuti akaluzanso kachisanu alongedze. Kuno kwathu timu inatsala m'manja mwa telala uja, munthu wosadziwa n'komwe kuti osewera amakhala angati, koma inkangowinabe.

Lolemba lina m'mawa ndikuthandiza achemwali kuyanika, tinangoona alamu akulowa pageti, chithumba paphewa, thukuta lili kamukamu. Munali majezi akuda a timu yaikulu ija, anawalanditsa asanalowe m'makina. Anaika thumbalo pansi n'kuvula chipewa.

"Mayi a ana, popanda inu ine ndine wometa chabe. Ndakhala ndikudziwa zimenezi kuyambira kalekale. Loweruka ndikaluza, basi kwatha."

Achemwali anafinya sokosi nthawi yaitali. Maso anafiira, koma pakamwa sanafewe.

"Ine ndimachapira timu imodzi, bambo. Anyamata anga sindingawagulitse."

Alamu anagwa nkhope, mpaka ine wowaseka tsiku ndi tsiku ndinawamvera chisoni. Kenako achemwali anakankha beseni lina ndi phazi, linakaima pa nsapato zopukuta zija.

"Pindani manja a malayawo. Musanaviike, yambani mwayang'ana."

Kochi wa timu yaikulu ananjuta pafupi ndi mpopi. Anatulutsa jezi yoyamba, kuitembenuza, kuinunkhiza n'kuchita tsinya. Anatenga yachiwiri, yachitatu. Pa yachisanu anafuula.

"Aa! Kaputeni wangayu sanagwepo ngakhale kamodzi! Ndiye amene amalankhula kwambiri!"

"Muchita naye chiyani?" anafunsa achemwali osatembenuka.

"Pabenchi."

"Mwayamba ukochi lero, bambo a ana. Tsukuluzani kawiri."