Thalakitala ndi Manda a Mlendo

Atate anali kapitao pa famu ya mzungu wina kufupi ndi mtsinje wa Chongwe, mbali yolowera ku Chalimbana. Tinachoka kwathu kum'mawa ine ndili kumbuyo kwa amai. Pofika zaka za m'ma 1950 ndinali namwali, ndipo alongo anga anali atayamba kumeta ndevu. Ana tinalipo awiri okha. Ena onse anatsala m'manda kwathu.

Mzunguyo nkhani yolemba anthu ntchito anaisiya m'manja mwa atate. Akapitao a m'mafamu ena ankagwira zikhatho za munthu kuti aone ngati zili zolimba, ena ankangodikira nkhuku ya chiphuphu. Atate ankayesera anthu kumanda.

M'komboni mwathu munadzaza alendo: Achewa, Ansenga, ena ochokera dziko la Apwitikizi. Aliyense ankaopa chinthu chimodzi, kufera kwa eni n'kusowa womukumbira, poti achibale sakumba manda a munthu wawo. Kukagwa maliro, atate ankanyamula khasu n'kulawira. Uku akukumba, uku diso lili pa aganyu amene ankafuna ntchito yokhazikika. Ankaona amene walowa m'dzenje, ndiponso amene watsamira fosholo pamthunzi n'kumalongosola mmene anzake ayenera kukumbira. Achinyengo analipo. Ankalumphira m'dzenje akangoona chipewa cha kapitao, koma atate ankawadziwira kumutu, poti wokumba zenizeni amatuluka tsitsi lili mbuu.

"Ngati munthu akumbira mlendo wamene samudziwa, ningamusiyire makiyi," ankatero.

Sindinama, njira imeneyi inkawayendera. Pa famu pathu mbewu sizinkabedwa. Atate ankanyadira diso lawolo kuposa mmene ankanyadira ife.

Kenaka kunabwera thalakitala. Alongo anga anaikonda ngati mkazi. Ankadzuka kukaipukuta osatumidwa, ankabwera kunyumba manja ali bii ndi girisi, ndipo pakudya ankatiyeserera kulira kwake mpaka amai kutsamwa ndi kuseka. Woyendetsa wake anali mkulu wina amene ankafuna kubwerera kwawo mvula isanagwe. Komboni yonse inkadziwa kuti mpando umenewo ndi wa mwana wa kapitao. Amai anali atayamba kale kuyang'ana atsikana kutchalitchi, poti mwana akapeza ntchito pompano ndiye kuti zokafuna ntchito kumigodi zatha.

M'mwezi wa Okutobala kunamwalira bambo wina wodwala chifuwa. Anabwera yekha, ndipo panalibe wodziwa mudzi wake. Tsiku loika linali lomwelo limene woyendetsa uja analonjeza kuti alongo anga agwira chiwongolero okha pokatuta nkhuni, iyeyo asananyamuke.

Atate anaima pakhomo, makasu awiri ali m'manja.

"Tiye kumanda."

"Atate, lelo ni lelo. Mawa mkulu uja ayenda. Okumba ni ambiri."

"Sininafunse ngati ni ambiri."

"Munthu wamene uyo sinimudziwa na dzina lomwe."

Atate anatsamiritsa khasu lina pakhoma n'kumapita. Linakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, amai akulilambalala ngati njoka.

Dothi la Okutobala ndi mwala. Tsikulo ambiri anathawira pamthunzi. Amene anapirira anali mnyamata wina wa mtundu wa Chisoli wochokera midzi ya ku Bundabunda, waganyu, wosalankhulalankhula. Anakumba mpaka pansi, n'kugoba ndi kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo kuti dothi lisaugwere. Kachipinda kameneka atate sankalola kuti kadumphidwe, kaya womwalirayo ndi ndani. Kutali kunkamveka thalakitala, ndipo aliyense pamandapo ankadziwa amene akuiyendetsa.

Mzungu atafunsa kuti thalakitala apatsidwe ndani, atate anatchula mnyamata wa Chisoli uja. Munthuyo anali asanakhudzepo chiwongolero chibadwire. Iye mwini anabwera kwathu, chipewa chili m'manja.

"Ba kapitao, ine siniziba motoka. Pasani mwana wanu."

"Motoka uzaphunzira," anatero atate. "Cinaco sicophunzira."

Alongo anga anamva mawu amenewa ali m'nyumba. Sanakalipe. Chikhala anakalipa, mwina bwenzi nkhani itathera pomwepo. Anangotuluka n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti ine ndine woipa mtima, atate?"

"Ninakuitana kumanda."

Amai analira, anagwada, anawakumbutsa ana amene tinawasiya m'dothi kum'mawa. Atate anati akakondera mwana wawo, mawa sadzatha kuyang'ana munthu aliyense kumaso. Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire bwino. Alongo anga sanali oipa. Ndi iwo ankatungira madzi amai akadwala msana, anyamata anzawo akuwaseka. Ndi iwo anandibereka kuwoloka Chongwe atadzaza. Koma zimenezi sizinkachitikira kumanda, choncho diso lotchuka lija silinazione. Anali mnyamata chabe, wokonda chitsulo chonunkha dizilo, ndipo analakwa tsiku limodzi.

Mvula yoyamba itagwa, anakwera lole pamsewu waukulu. Anandisiyira kampeni kawo, n'kundiuza kuti, "Uziwasekesa amai." Kwa atate sanatsazike.

Chondiwawa china n'chakuti mnyamata wa Chisoli uja anakhaladi munthu wabwino. Anagumula geti sabata yoyamba, koma anaphunzira. Nkhuni ankatitulira pakhomo osapemphedwa. Ndinkafunitsitsa atabako kanthu kuti atate achite manyazi, koma sanabe ngakhale chitsononkho.

Poyamba tinkamva za alongo anga kwa anthu obwera kutchuthi. Ena ankati ali kumigodi, ena ankati asamukira tauni ina. Kenaka kunangoti zii. Amai anasiya kuyang'ana atsikana kutchalitchi. Lole ikaima pamsewu, ankasiya chimene akuchita n'kuimirira.

Patapita zaka, ine nditakwatiwa kale, kunafika bambo wina wa kwathu amene ankabwerera kumudzi. Anakana mpando, anakhala pansi, ndipo tonse tinadziwa. Anati alongo anga anadwala chibayo ntchito itawathera, n'kumwalira m'chipatala cha m'tauni ina. Iye anamva mochedwa, zonse zitatha.

Amai anadzigwetsa pansi. Ine ndinawagwira uku ndikulira. Atate anafunsa funso limodzi.

"Anamukumbira ndani?"

Bamboyo anayang'ana kumbali.

"Kambani. Anamukumbira ndani?"

"Panalibe wake, a kapitao. Otero amaikidwa na akaidi."

"Kacipinda anagoba?"

Mlendoyo anapukusa mutu, ndipo atate sanafunsenso. Ndinali nditasunga mawu ambiri oti ndidzawalase nawo tsiku ngati limeneli. Nditawaona mmene anakhalira, manja ali lende pamaondo, mawuwo anandithera. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso.

Kuyambira pamenepo diso lija linatsekeka. Nyengo yolemba anthu ikafika, atate ankangoloza amene ali kutsogolo, maso ali pansi. Kumanda sanasiye kupita. Anakalamba, msana unapindika, koma kukamwalira mlendo ankalowabe m'dzenje, ndipo sankayang'ananso kuti pamthunzi paima ndani. Anyamata ankawachonderera kuti atuluke. Woyendetsa thalakitala wa Chisoli uja ndiye ankawakoka dzanja.

Maliro omaliza amene ndinawaona akukumba anali a mnyamata wothyola fodya, wochokera kutali. Titakwirira, atate anayendayenda pakati pa anzake a malemuyo, dothi lili mbuu kumutu, akufunsa mmodzimmodzi ngati mwanayo ali ndi atate ake kwawo. Wina anavomera kuti alipo, ndipo amawadziwa. Atate anamugwira mkono ndi manja onse awiri.

"Ukafika ukawauze," anatero. "Ukawauze kuti mwana wawo tinamukumbira bwino, na kacipinda komwe."